Kalata yochokera ku Indiana

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku America tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kale.

Munafunsa ngati ndi zoona kuti ophunzira kuno amaneneza aphunzitsi awo chifukwa cha ndale. Ndi zoona, koma nkhaniyi ndi yaitali, siyoyankha ndi mizere iwiri pa WhatsApp.

Dandaulo lake ndi lakuti aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite amapendekera ku chipani cha Democrat, ndipo akaima kutsogolo kwa kalasi amalankhula ngati kuti munthu aliyense wozindikira amaganiza ngati iwowo. Odandaula kwambiri ndi ana ochokera m'mabanja a Republican ndi ana opemphera. Amati ukatsutsa aphunzitsi pa nkhani ya kuchotsa mimba, ya mfuti, kapena ya anthu olowa m'dziko opanda zikalata, kalasi yonse imakutembenukira, iwe n'kuyamba kuda nkhawa ndi malikisi ako.

Ine anawa sindiwaseka. Pa kupendekerako sakunama: m'madipatimenti a mbiri, chikhalidwe cha anthu ndi zolembalemba, kupeza mphunzitsi wa Republican n'kovuta ndithu. Ndipo ife amene tinakulira m'tchalitchi kumudziko timawamvetsa msanga. Zinthu zimene abusa athu amalalikira Lamulungu lililonse popanda wodabwa, ukazinena m'kalasi ya kuno anthu amangoti zii, wina n'kuyamba kuyang'ana pansi. Chimene ndimaona kawirikawiri si kudulidwa malikisi ayi. Mwana amangophunzira kutseka pakamwa. Amaona kumene aphunzitsi akulowera, n'kulemba zimene akuganiza kuti ziwasangalatsa, akakhoza n'kumapita. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa makolo ake alipira ndalama zambirimbiri kuti aphunzire kuganiza, iye waphunzira kubisala.

Nkhaniyi siinayambe lero. Mu 2003 David Horowitz, mlembi wopendekera ku Republican, analemba chikalata chotchedwa Academic Bill of Rights, n'kumalimbikitsa ophunzira kuti azinena poyera aphunzitsi okondera. Aphungu a ku Pennsylvania anafika pokhazikitsa komiti yofufuza, ndipo mu 2006 komitiyo inapeza kuti milandu yeniyeni yopondereza ophunzira chifukwa cha ndale inali yosowa. Mu 2016 gulu la achinyamata lopendekera ku Republican lotchedwa Turning Point USA linatsegula tsamba la pa intaneti lotchedwa Professor Watchlist, lolembapo mayina a aphunzitsi amene akuti amakondera. Ena mwa olembedwawo anayamba kulandira mauthenga owaopseza.

Chimene chasintha masiku ano ndi chakuti boma lalowamo. Ku Florida, lamulo la 2021 linalola ophunzira kujambula phunziro mphunzitsi asanavomere, kuti akhale ndi umboni akafuna kudandaula. Kuno ku Indiana, lamulo la 2024, limene anthu amangoliti SB 202, likukakamiza mayunivesite a boma kukhala ndi njira yolandirira madandaulo okhudza mphunzitsi amene sapereka mpata ku maganizo osiyanasiyana. Ngakhale pulofesa amene anakhazikika kale pa ntchito ayenera kuunikidwanso zaka 5 zilizonse, ndipo madandaulowo amawerengedwa. Papepala zikumveka bwino. Koma ndani angayeze kuti maganizo osiyanasiyanawo akwana? Wophunzitsa za kusintha kwa nyengo apereke theka la ola kwa amene amati kulibe zoterozo?

Ya ku yunivesite ya Texas A&M mwina munaimva. Mu September 2025, kanema amene wophunzira anajambula akutsutsana ndi mphunzitsi wake pa nkhani ya anthu osintha kuchoka ku umuna kapena ukazi, m'kalasi ya mabuku a ana, anaikidwa pa intaneti ndi phungu wina wa m'boma la Texas. Masiku owerengeka okha mphunzitsiyo anachotsedwa ntchito, mkulu wa dipatimenti ndi mkulu wa koleji anatsitsidwa pa maudindo, ndipo pulezidenti wa yunivesiteyo, Mark Welsh, anatula pansi udindo mwezi womwewo.

Nditamva zimenezo maganizo anga anathamangira ku Chirunga, ku Chancellor College ku Zomba. Mukukumbukira February 2011, pamene mkulu wa apolisi a Peter Mukhito anaitanitsa a Blessings Chinsinga kukawafunsa za phunziro lawo? Mlandu wake unali wongopereka chitsanzo m'kalasi, kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ndi mavuto ofanana ndi amene anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Funso limene tonse tinkafunsana linali limodzi: mawu a m'kalasi anafika bwanji ku Area 30? Aphunzitsi anakana kulowa m'makalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape, a Bingu anati mkulu wa apolisi sapepesa, ndipo a Chinsinga, a Jessie Kabwila, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin anachotsedwa ntchito. Mpaka October ndi pamene anabwezeretsedwa. Chaka chinangotithera tili pakhomo, makolo akutifunsa tsiku ndi tsiku kuti sukulu mutsegulira liti.

Sindikunena kuti Texas ndi Zomba n'chimodzimodzi. Kuno palibe amene akuitanidwa ku polisi, ndipo mwana wodandaulayo sanatumidwe ndi munthu, akunena zimene zamuwawa. Koma njira imene dandaulo likuyenda ndi yomweyo: likudumpha mphunzitsi, likudumpha dipatimenti, n'kukagwera m'manja mwa wandale amene ali ndi mphamvu pa ndalama za sukuluyo. Likafika kumeneko silikhalanso la mwana uja. Palibe amene amafunsanso ngati anapatsidwa mpata wolankhula kapena ngati pepala lake linachongedwa mwachilungamo. Chofunika chimakhala kuti wina achotsedwe ntchito anthu aone.

Ndipo musaganize kuti ndi mbali imodzi yokha imene imachita izi. Mu 2022, pa yunivesite ya Hamline ku Minnesota, mphunzitsi wa mbiri ya zojambulajambula anaonetsa chithunzi chakale cha Mneneri Muhammad, atachenjeza kale kalasi kuti wosafuna asaone. Wophunzira wina wa Chisilamu anadandaula, ndipo akuluakulu a sukulu sanamupatsenso ganyu mphunzitsiyo. Panthawiyo a Republican ambiri anali m'gulu la amene ankafuula kuti ufulu wa aphunzitsi waponderezedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukayang'anitsitsa, amene amagwa msanga pa milandu yambiri ya kuno ndi aphunzitsi a kontrakiti, osati mapulofesa akuluakulu.

Ifenso ophunzira a digiri yapamwamba amene timathandizira kuphunzitsa tili m'gulu lomwelo, ndipo ine ndili ndi visa yoti ndiisamale. Anzanga ena achotsa kale mitu ina pa silabasi, osati chifukwa wina wawauza, koma kungopewa. Ndiye taonani pamene tafika: mwana uja anali chete poopa mphunzitsi, tsopano mphunzitsi naye ali chete poopa foni ya mwanayo, ndipo mfundo imene akanakangana sinakambidwe n'komwe.

M'kalasi yanga ndimayesetsa kuchita zochepa zimene ndingathe. Ndimachonga mapepala mayina ataphimbidwa. Pa mtsutso ndimapatsa munthu mbali imene sagwirizana nayo kuti aiteteze, ndipo amakwiya poyamba koma ambiri amaikonzekera bwino kuposa mbali yawo yomwe. Tsiku loyamba ndimawauza kuti amene waona kuti ndakondera abwere ku ofesi andiuze pamaso, ndipo akapanda kukhutira apite kwa mkulu wa dipatimenti. Akandifunsa kuti ndimasapota chipani chiti, ndimayankha kuti ine sindivota kuno, n'kuseka tonse.

Inu mukuphunzitsa kumeneko, tandiuzani: ana a masiku ano akaona kuti mphunzitsi akukokera ku MCP kapena ku DPP amatani? Amakuuzani, kapena mumangozipeza pa Facebook? Ndikufuna kumva.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa mayi. Munthu wobwera kuno akapezeka, musaiwale Nali ndi kambuzi, zanga zatha.

Ndine mnzanu,
wa ku Indiana