Full khonsolo ndi ya ife tonse, bwanji sitiuzidwa tsiku lake?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya makhonsolo, makamaka kuno ku Mangochi, chifukwa anthu angotanganidwa ndi mkangano wa ma MP ndi makhansala woti CDF, ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, agwire ndani koma palibe akufunsa kuti nanga ife eni ake ndalamazo timadziwa bwanji zomwe agwirizana ku full khonsolo, msonkhano waukulu wa mamembala onse a khonsolo.

Khoti lalikulu linanena mu 2025 kuti aphungu asamavote mu khonsolo ndiponso asamayendetse CDF, bungwe la makhonsolo la MALGA ndi lomwe linakadandaula. Chabwino, ine ndinaombera m'manja. Phungu ntchito yake ndi ku Lilongwe kukapanga malamulo, zoti azivotanso ku khonsolo zinachita kulowetsedwa mu lamulo mu 2010, nthawi imene makhansala kunalibe n'komwe. Achinyamata ambiri sakudziwa kuti kuchokera 2005 mpakana 2014 dziko lino linakhala lopanda khansala olo m'modzi, nde anthu tinazolowera kuti chitukuko ndi a bwana MP, bokosi la maliro a bwana MP, mjigo ukafa a bwana MP. Mu 2025 boma linati CDF ifika K5 biliyoni pa dera la phungu m'modzi. Ndalama imeneyo si yocheza abale, ndipo ikadutsira ku khonsolo ndekuti msonkhano wa full khonsolo ndi pomwe pagona nkhani.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limati misonkhano ya khonsolo ndi yotsegukira anthu wamba ndi atolankhani. Munthu utha kupita, kukhala kumbuyo n'kumamvera, sungavote koma makutu sakulanda. Mafumu akuluakulu amakhalamo koma nawonso savota. Tsono funsani mayi wogulitsa usipa pa msika, amene m'mawa uliwonse amadulitsa tikiti asanagulitse olo mulu umodzi, ngati anamvapo kuti full khonsolo ikumana liti. Akuyang'anani ngati mwamufunsa za ku mwezi. Chikhalirecho mtengo wa tikitiyo, malo oti amange chimbudzi, ndi msewu oti apale chaka chino, zonse zimavomerezedwa komweko.

Ndakhalapo pa misonkhano ya ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera, kwathu kuno. Timakumana m'kalasi ana akaweruka, akuluakulu kupanikizana pa timadesiki ta sitandade 3 mawondo kugunda chibwano, tcheya akulemba pa bolodi ndi choko chopempha: mjigo, kamlatho, nyumba ya mphunzitsi, shedi ya sikelo ya ana. Timakangana mpaka dzuwa kupendeka kuti choyamba chikhale chiti, ma VDC, makomiti a chitukuko a m'midzi, aliyense kukokera kwawo, kenako sekilitale amakopera mu kope n'kuti zapita ku boma. Basi. Kuchoka apo zii, mumangoona galimoto yatsitsa njerwa mudzi wina pa chinthu choti pa bolodi paja panalibe, ndipo ukafunsa amati zinadutsa ku full khonsolo. Mwina zinadutsadi mwachilungamo, kaya, koma tingadziwe bwanji poti sitinaone pepala lililonse?

Komanso Mangochi ndi boma lalikulu, tisanamizane. Munthu wa kwa Makanjira kapena kwa Katuli kuti afike pa boma ndi thiransipoti yambiri, nyengo ya mvula nde musanene, wa ku Monkey Bay kwa Nankumba chimodzimodzi. Ndani angasiye ukonde kapena munda kuti akamvere msonkhano oti sakudziwa ngati ulipodi, n'kukapezanso mapepala onse ali m'Chingerezi pomwe kuno ambiri timayankhula Chiyao ndi Chichewa?

Pempho langa kwa a DC, a tcheya a khonsolo ya boma ndi anzawo a khonsolo ya tauni ndi losavuta. Tsiku la msonkhano ndi mitu yokakambirana zizilengezedwa sabata isanakwane, pa wailesi ngati Dzimwe, m'mizikiti Lachisanu ndi m'matchalitchi Lamulungu, paja za katemera ndi za makuponi zimatipeza bwinobwino njira yomweyo. Msonkhano wa bajeti uziulutsidwa pa wailesi live, timve ndi makutu athu khansala amene amangokasainira alawansi osatsegula pakamwa. Zomwe agwirizana azilemba mwachidule m'Chichewa ndi m'Chiyao, pulojekiti yakuti, mudzi wakuti, ndalama zakuti, kontilakita wakuti, n'kumata pa msika, pa chipatala ndi ku likulu la T/A aliyense. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, nde sitikupempha chifundo ayi.

Ndipo kamodzi pa chaka full khonsolo iziwoloka mlatho wa Bakili Muluzi ikakumanire ku Namwera kapena ku Makanjira, mabwanawo alaweko msewu umene ife timayendamo.

Ine wowerenga wanu,
Namwera, Mangochi