Musanakanyamule mbuzi ya wangongole, mufunseni kaye

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, aja a village banking, omwe achuluka kuno ku Chipata, Katete mpaka ku Lundazi. Ambiri amapasuka pa nkhani imodzi: membala walephera kubweza ngongole, anzake n'kumuweruza asanamumve.

Tsiku la msonkhano mlembi amawerenga maina a amene sanabweze, aliyense akumva. Mayi wangongole amangozolika, chala chikukanda mphasa. Mlungu wotsatira sabwera chifukwa cha manyazi, ndiye chindapusa chojomba chimamupeza. Ngati chiwongoladzanja ndi 10 peresenti pamwezi, K500 ya mu Januwale imakhala K650 pofika Epulo, osawerengera zindapusazo. Kenako gulu limakanyamula mbuzi kapena malata. Ndalama imabwera ndithu, koma abale ake onse amatuluka naye m'gulu.

Wokana kubweza ndi wolephera kubweza ndi anthu osiyana, ndipo simungawasiyanitse pabwalo. Tumani anthu awiri okha, wa komiti ndi mnzake wapamtima, akamuchezere kunyumba mlungu usanathe. Asayambe ndi "Mubweza liti?" koma "Amayi, kwagwanji?" Nthawi zambiri yankho ndi matenda, maliro, kapena tomato wa bizinesi amene anawolera pamsika. Kumbukiraninso kuti Januwale mpaka Malichi nkhokwe zimakhala zopanda kanthu, anthu akudya za ganyu. Mu 2024, pamene boma la Zambia linalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ngakhale odziwika ndi kubweza bwino anavutika.

Ngati ndi matenda kapena maliro, muthandizeni ndi thumba la zadzidzidzi, paja linakhazikitsidwira zimenezo. Imitsani chiwongoladzanja, ngongoleyo muigawe patatu, gawo lomaliza ligwe mu Juni kapena Julayi atagulitsa nshawa, soya kapena chimanga. Lembani m'buku, asaine pamaso pa mboni ziwiri.

Koma njira imeneyi ilowe m'malamulo a gulu chaka chisanayambe. Mukachitira chifundo mlamu wa tcheyamani yekha, ena adzati n'kukondera, ndipo sadzakhala akunama.

Amene ndalama ali nazo koma akuchita dala, musalimbane naye pakhomo pake. Mudulireni pa masheya ake tsiku logawana.

Ndife,
Alangizi a magulu osunga ndalama,
Chipata