Kalata yotseguka kwa Wapampando wa NHSRC, komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo ku Malawi, pa kafukufuku wofananiza ma ARV a 5A ndi 13A

Olemekezeka a Wapampando,

Kuyambira mu 2019 dziko lathu linasamutsa anthu omwa ma ARV kuchoka pa mtundu wa 5A kupita pa mtundu wa 13A, umene uli ndi mankhwala a dolutegravir. Makaundula ndi ma master card (makhadi a odwala osungidwa kuchipatala) adzaza, ndiye n'kosavuta kuti wofufuza atape ziwerengerozo n'kulengeza kuti mankhwala awa aposa awo. Ife amene timagwira ntchito ndi ziwerengero za m'zipatala tikupempha kuti komiti yanu isamavomereze kafukufuku wotere asanalongosole zotsatirazi.

Ndani anapatsidwa 13A, ndipo chifukwa chiyani? Pachiyambi amayi a msinkhu wobereka anasiyidwa pa 5A, kutsatira zimene kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana anaona mu 2018 zokhudza ana obadwa ndi chilema cha msana kapena ubongo kwa amayi amene ankamwa dolutegravir potenga pakati. Magulu awiriwa anali osiyana kale mankhwala asanalowe m'thupi. Choncho wofufuza alembe, asanatsegule kaundula, zonse zimene adzaganizirepo: zaka, mwamuna kapena mkazi, kulemera, TB, siteji ya WHO (pamene matenda afika), ndi CD4 (mlingo wa chitetezo cha m'thupi) ngati inayezedwa.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Munthu amene wamwa 5A zaka zisanu n'kusamutsidwa, ndi wopulumuka kale. Anzake amene anamwalira m'miyezi yoyambirira sanafike pa 13A, ndipo imfa zawo zonse zimawerengedwa ku 5A. Mukawerenga chonchi, 13A imaoneka ngati yozizwitsa. Woyamba kumene afananizidwe ndi woyamba kumene mnzake, nthawi iwerengedwe kuchokera tsiku loyamba kumwa. Chaka choyambiracho chiganiziridwenso, poti kuyambira 2016 wopezeka ndi HIV amayamba mankhwala asanadwale n'komwe.

Nanga olembedwa kuti anasiya mankhwala? Ena anamwalira kumudzi, chipatala osamva. Ena ali ku Joni, ena akulandira kuchipatala china popanda kalata yosamukira. Kuwafufuta onsewa n'kubisa imfa. Wofufuza asankhepo gulu mwachisawawa, alilondole pa foni kapena kunyumba, kenako akonze ziwerengero zake. Osayezedwa viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) nawonso awerengedwe paokha, asaikidwe pamodzi ndi amene zotsatira zawo zinali zabwino.

Ndondomeko imene mwavomereza isungidwe ku komiti. Lipoti likabwera muziika ziwirizi pamodzi, muone ngati funso silinasinthidwe panjira zotsatira zitadziwika.

Ndife anu,
Ofufuza za umoyo