Pempho la thandizo: tikufuna kumanga shedi yophunzitsiramo achinyamata luso asanathamangire ku migodi ya mkuwa

Kwa ana a kuno kwathu amene muli m'tauni, ku Zambia, ku South Africa ndi kwina konse, kwa mipingo, mabungwe ndi onse akufuna kwabwino,

Tikulemba ndife a komiti ya chitukuko ya midzi yathu, kumadzulo kwa boma la Lilongwe, kufupi ndi msewu wa ku Mchinji. Tagwirizana ndi a gulupu, anyakwawa ndi komiti ya makolo ya pasukulu yathu ya pulayimale kuti tikupempheni thandizo pomanga shedi yophunzitsiramo achinyamata ntchito zamanja: kuwotcherera zitsulo, kulumikiza mawaya a magetsi ndi kukonza mainjini. Malo amfumu anapereka kale, kuseri kwa bwalo la mpira la pasukulu. Njerwa tinaumba ndi kuwotcha tokha, mchenga amayi anatuta kudambo, ndipo khoma lafika m'mawindo. Zatsalazi n'zimene manja athu okha sangathe.

Midzi ina ikupempha mjigo kapena mlatho, ndipo nafenso zimenezo timazifuna. Koma chimene chikutisowetsa tulo panopa n'choti anyamata athu akutha m'mudzi, kupita ku Zambia kukafuna ntchito ku migodi ya mkuwa, opanda luso, opanda mapepala.

Njira imeneyi si yachilendo. Agogo athu ambiri anaiyenda nthawi ya atsamunda, kupita ku Kitwe, Luanshya, Mufulira ndi Chingola. Ena anabwerako ndi njinga, wayilesi ndi ndalama zogulira malata. Ena anatchona, mpaka lero tili ndi abale kumeneko amene sitinawaonepo. Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, migodi ija inayamba kufooka pang'onopang'ono m'manja mwa boma, mpaka kampani ya boma ya ZCCM inagulitsa migodi yake ikuluikulu pofika chaka cha 2000. Anthu ambirimbiri anachotsedwa ntchito, ndipo tauni ngati Luanshya inasanduka bwinja. Njira ija inazilala. Anyamata akuno anayamba kupita kukakhala matenanti m'minda ya fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, ena kulowera kumwera.

Lero mkuwa wadzukanso, koma wadzukira kwina, kuchigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, dera limene kwa zaka zambiri linali lotsalira, la misewu yoipa, anthu ake akudalira chinangwa ndi uchi. Mgodi wakale wa Kansanshi, pafupi ndi Solwezi, unatsegulidwanso mu 2005. Wa Lumwana unayamba kutulutsa mkuwa mu 2008, kenaka kunabwera wa Sentinel ku Kalumbila. Solwezi, imene inali kaboma kakang'ono, tsopano ndi tauni yodzaza anthu. Mayiko olemera akufuna mkuwa wochuluka wopangira magalimoto oyendera magetsi, mawaya ndi zipangizo za sola, mwakuti mu 2024 mtengo wake unadutsa madola 10,000 pa tani. Boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema likufuna kuti pofika 2031 dzikolo lizikumba matani 3 miliyoni pachaka, kuchoka pa matani pafupifupi 800,000.

Nkhani zimenezi zimafika kuno pa foni, pamodzi ndi zithunzi za magalimoto akuluakulu otuta miyala. Mnyamata akaziona, n'kuyang'ana nkhokwe yopanda kanthu ndi mtengo wa thumba la feteleza, mtima sukhalanso pansi. Chilala cha 2024, chimene boma lathu linalengeza kuti ndi ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 23, chinangowonjezera. Ndipo kwa mwana wa kuno, malire a ku Mwami saoneka ngati malire: ku Chipata amalankhula chinenero chathu chomwechi, ku Lusaka nakonso Chinyanja chili ponseponse. Amagulitsa mbuzi ya amayi ake, n'kukwera.

Chimene sadziwa n'chakuti mgodi wa masiku ano si wa nthawi ya agogo ake. Kale ankayang'ana mphamvu za munthu, kumupima pachifuwa, n'kumupatsa fosholo. Migodi ya ku Solwezi ndi maenje aakulu apamtunda okumbidwa ndi makina. Amafuna woyendetsa makina, wowotcherera, wamagetsi, makaniko, ndipo aliyense aonetse satifiketi. Ntchito zimayambira kwa eni dziko, monga m'mene ziyenera kukhalira, ndipo mlendo amafunika chilolezo chogwirira ntchito. Ndiye mwana wathu, atayenda makilomita opitirira 1,000, amakathera pa ganyu yonyamula njerwa m'makomboni kapena kuwotcha makala. Ena amapusitsidwa ndi anthu owalonjeza ntchito, kuwadyera ndalama n'kuwathawa pa depoti. Choopsa kwambiri n'chakuti ena amakalowa m'magulu okumba m'maenje osiyidwa ndi m'milu ya zotsalira za m'migodi. Mu 2018 mulu wotchedwa Black Mountain ku Kitwe unagumuka n'kupha anthu osachepera 10. Kumapeto kwa 2023 matope anakwirira anthu ambiri okumba pa Seseli ku Chingola mvula itagwa yamphamvu. Nkhani zotere zikamveka pa wayilesi, makolo kuno amagona ndi foni m'manja, kudikira kuti mwana ayankhe.

Tinakambirana nthawi yaitali pansi pa mtengo wa kachere pabwalo la amfumu. Ena ankati tiwaletse, amfumu aike chindapusa kwa kholo lololeza mwana kupita. Ambiri tinakana. Munthu wa zaka 22 wopanda munda wokwanira sungamumange ndi chindapusa, ndipo kufuna ntchito si mlandu. Tinagwirizana kuti wopita azipita ali ndi luso m'manja ndi mapepala m'thumba. Wodziwa kuwotcherera sadikira kuti mgodi umulembe: kulikonse kumene anthu akumanga nyumba pamafunika mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko zachitsulo, kaya ku Solwezi, kaya pa Namitete pompa. Ambiri akadziwa ntchito sadzaonanso chifukwa chopitira kutali.

Pali chifukwa chinanso chimene chatifulumizitsa. Anthu a ku Solwezi komweko, Akaonde ndi anzawo, akhala akudandaula kuti migodi itatsegulidwa ntchito zabwino zinapita kwa anthu ochokera ku Copperbelt, chigawo cha migodi yakale ija ya ku Kitwe ndi Chingola, amene anali ndi luso kale, eni nthaka n'kutsala alonda ndi osesa. Ifenso migodi yatiyandikira. Ku Kasiya, m'boma lathu lomwe lino, kampani ya Sovereign Metals yapeza miyala yambiri ya rutile ndi graphite, ndipo ku Malingunde nakonso kuli graphite. Ku Karonga mgodi wa Kayelekera, umene unaima mu 2014, unayambanso kugwira ntchito mu 2025. Tsiku limene makina adzayambe kulira kuno ku Lilongwe, sitikufuna kuti ana athu adzaime kunja kwa mpanda n'kumaonerera anthu obwera akulowa pageti. Luso silibwera m'sabata imodzi. Liyenera kuyamba panopa.

Tikudziwa kuti sukulu za luso zilipo, monga Namitete Technical College ndi Lilongwe Technical College, ndipo sitikupikisana nazo. Koma malo ake ndi ochepa, ndipo ambiri mwa ana amene tikunenawa analekezera Sitandade 8 kapena Fomu 2 chifukwa cha fizi. Shedi yathu ndi ya amenewo, atsikana ndi anyamata omwe. Tikufunitsitsa kuti ikayamba tidzailembetse ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kuti ophunzira azitha kulemba mayeso ovomerezeka.

Kuti tifolere ndi kumaliza pansi tikufuna malata 60, matumba a simenti 80, matabwa ndi misomali. Pa zipangizo, tikupempha makina owotcherera awiri, galayinda, masipanala, mapulayazi, zipewa zotchinjiriza maso, magolovesi ndi nsapato zolimba. Zakale koma zogwira ntchito tilandira ndi manja awiri. Amene muli ndi magalaji ku Biwi kapena ku Kanengo, yang'anani m'sitolo mwanu. Magetsi anafika pasukulu, koma pafunika mawaya ndi ndalama zolumikizira kufika pashedi.

Koposa zitsulo, tikufuna anthu. Ngati ndinu mmisiri wopuma pantchito, kapena munagwirapo ku migodi ya ku Zambia, bwerani mudzaphunzitse ngakhale masiku awiri pa mwezi. Chakudya ndi pogona tidzakupatsani, ndipo makolo alonjeza kusonkha chimanga ndi nyemba za aphunzitsi. Ngati mumadziwa malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dziko, mudzatifotokozere za pasipoti ndi chilolezo cha ntchito, kuti ana athu asamanamizidwe. Tikufunanso wina wodziwa za chitetezo pantchito ndi za chilengedwe. Tinamva zimene zinachitika ku Chambishi mu February 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi linaphulika, asidi n'kulowa mumtsinje wa Kafue mpaka madzi a m'mipopi ku Kitwe anatsekedwa. Ifenso timamwa ndi kuthirira madimba ndi madzi a m'mitsinje yathu, ndipo tikufuna achinyamata odziwa kufunsa mafunso oyenera migodi ikadzafika.

Pa za ndalama, tikudziwa kuti ambiri munapsapo ndi makomiti. N'chifukwa chake tikukonda kuti mutipatse katundu weniweniyo. Amene angathe ndalama zokha, zidzalowa ku akaunti ya komiti ya sukulu, imene amasainira anthu atatu, ndipo msungichuma adzawerenga zolowa ndi zotuluka pamsonkhano wa mudzi mwezi uliwonse, malisiti ali poyera. Aliyense wopereka ali ndi ufulu wobwera kudzaona mabuku ndi ntchito yomwe.

Chofunika msanga ndi denga. Khoma tinamanga ndi dothi pakati pa njerwa, ndipo likagwidwa ndi mvula ya mu November lisanafoleredwe lidzagwa. Tikafolera nthawi yabwino, gulu loyamba liyamba kuphunzira mu January, kuti pofika nthawi yokolola, pamene anyamata amanyamuka, akhale atagwirapo kale makina. Uthenga kapena katundu mungaperekere kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu, kwa a gulupu, kapena kwa aliyense wa m'komiti amene wakutumizirani pempholi.

Zikomo kwambiri.

Ndife anu,
Komiti ya chitukuko ya midzi, pamodzi ndi komiti ya makolo ya pasukulu