Asilikali akalanda boma, mlendo wodzipereka amayamba wasowa netiweki, ndalama ndi madzi

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya achinyamata amene amapita kumayiko ena kukagwira ntchito mongodzipereka m'sukulu, m'zipatala ndi m'minda. Kuchokera mu 2020 asilikali alanda boma ku Mali, Myanmar, Guinea, Sudan, Burkina Faso, Niger ndi Gabon. Komabe si bungwe lililonse limene limauza anthu ake zochita zikatero. Ena amangowabaya katemera, kuwapatsa mankhwala a malungo, basi ulendo.

Anthu akamva zoti boma lalandidwa amaganiza za zipolopolo. Zipolopolozo zimakhalapo, koma kawirikawiri zimalira pafupi ndi nyumba ya pulezidenti, kampu ya asilikali ndi nyumba youlutsira mawu. Wodzipereka amene ali kutali ndi malo amenewa amazunzika ndi zina: foni siikugwira, banki yatseka, mpope wauma, zipata za m'malire zatsekedwa.

Choyamba n'kukhala pomwe muli. Tsiku loyambalo palibe amene akudziwa kuti walamula ndani, ndipo wothamangira kubwalo la ndege amakadzipereka yekha pamalo amene asilikali amayamba kutchinga. Bungwe la Peace Corps la ku America limagawa nkhaniyi patatu: kukhala pomwe uli, kusonkhana pamalo amene munagwirizana kale, kenako kutuluka m'dziko. Ku Mali boma la Amadou Toumani Touré linagwa pa 22 Malichi 2012, koma odzipereka a bungweli anatulutsidwa mu Epulo. Ndiye kuti pamakhala masiku ambiri ongodikira, ndipo masiku amenewo ndi amene amafuna kukonzekera.

Foni ikadali kugwira, tumizani uthenga umodzi wachidule kubungwe lanu ndi kwa m'bale mmodzi: muli kuti, muli ndi yani, mudzalankhulanso liti. Musayembekeze kuti muone kaye mmene zithere. Ku Myanmar netiweki inadulidwa m'mamawa wa 1 Febuluwale 2021, ndipo ku Sudan intaneti itazimitsidwa pa 25 Okutobala chaka chomwecho anthu anakhala milungu yoposa itatu alibe. Intaneti ikapita WhatsApp yapita nayo, koma nthawi zina uthenga wa SMS umadutsabe. Khalani ndi masimu awiri a makampani osiyana, ndipo manambala ofunika alembedwe papepala, chifukwa foni yothima batire siikumbutsa munthu nambala. Achibale auzidwiretu kuti kukhala chete masiku awiri kapena atatu si maliro ayi. Wailesi ya mabatire imathandiza, ngakhale nayonso olanda boma amaitsekera pakamwa, monga anachitira a ku Niger poletsa wailesi ya RFI ndi kanema wa France 24, zonse za ku France, mu Ogasiti 2023. Mphekesera zimachuluka kuposa nkhani. Zimene mwamva kwa munthu mmodzi yekha musanyamukire chikwama.

Pa ndalama m'pamene ambiri amagwa chagada. Makina a ATM amafuna zinthu zitatu: magetsi, netiweki ndi galimoto yobweretsa ndalama. Chimodzi chikasowa, khadi lanu langokhala pulasitiki. Asilikali atatsekera pulezidenti wa Niger Mohamed Bazoum pa 26 Julaye 2023, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa la ECOWAS linaika zilango pa Niger patangotha masiku anayi. Nigeria inadula magetsi amene Niger imadalira kwambiri, ndipo mabanki anayamba kupereka ndalama mopimira. Choncho sungani ndalama zogwirika zokwanira milungu iwiri, zing'onozing'ono chifukwa chenji chimasowa, ndipo muzigawe patatu: zina m'thupi, zina m'chikwama chothawira, zina pobisika m'nyumba. Madola kapena mayuro pang'ono, osang'ambika ndi osalembedwalembedwa, amathandiza mukawoloka malire.

Magetsi akazima mapampu amaima, ndiye tungani madzi mpope usanaume. Mabungwe othandiza pangozi amawerengera malita 15 patsiku pa munthu mmodzi, kuphatikiza akumwa, ophikira ndi osamba. Zigubu ziwiri za malita 20 sizifika masiku atatu pa mlingo umenewo, koma mukadzimana n'kumagwiritsa malita 5 patsiku zimakufikitsani masiku 8. Madzi okayikitsa abwadamuke pamoto kwa mphindi yathunthu. Chakudya chikhale chosawola msanga komanso chosadya nkhuni kapena gasi wambiri. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku asunge a mwezi wina wapadera, ndipo wodwala shuga wobaya insulini aganiziretu kuti aisunga bwanji furiji ikathima.

Lamulo loletsa kuyenda usiku musaliyese nthabwala. Ku Thailand mu Meyi 2014 ndi ku Niger mu 2023 linali loyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Khalani muli m'nyumba ola lathunthu nthawiyo isanakwane, chifukwa magalimoto a matola amaleka kuyenda msanga. Zogula zichitike m'mawa, pamsika wapafupi, muli ndi munthu wa m'deralo.

Pa rodibuloko tikhalitsepo pang'ono. Amene wakuimitsaniyo nthawi zambiri ndi mnyamata amene sanagone masiku awiri, chala chili pafupi ndi chowombera, ndipo iye mwini sakudziwa ngati bwana wake adzakhale akulamulabe mawa. Musamudzidzimutse. Galimoto ifike pang'onopang'ono, wailesi yozimitsa, galasi lotsitsa. Ngati ndi usiku chepetsani nyali zakutsogolo n'kuyatsa ya mkati kuti aone nkhope zanu. Magalasi a dzuwa vulani, manja akhale poonekera, ndipo musapise m'thumba asanakuuzeni. Ayankhe munthu mmodzi, mwaulemu ndi mwachidule. Yambani mwaonetsa fotokope ya pasipoti ndi chiphaso cha bungwe, koma akaumirira yeniyeniyo perekani, musakangane. Foni isakhale m'manja. Chithunzi chimodzi cha galimoto ya asilikali chikhoza kusandutsa mphunzitsi kukhala kazitape m'maso mwawo.

Ngakhale ofesi ya kazembe si pothawira nthawi zonse. Ku Ouagadougou, likulu la Burkina Faso, mu Okutobala 2022 ndi ku Niamey, likulu la Niger, pa 30 Julaye 2023 khamu la anthu linaukira ofesi ya kazembe wa France. Imbani kaye musanapiteko. Pa zionetsero, kaya zosangalalira asilikali kaya zowatsutsa, mlendo alibepo malo. Za ndale musayankhire, ngakhale pa Facebook. Inu mudzakwera ndege, koma banja limene likukusungani ndi anzanu a kuntchito adzatsala kuti ayankhe mafunso a zimene munalembazo.

Mpata wotuluka ukapezeka sukhalitsa. France inayamba kunyamula anthu ku Niamey pa 1 Ogasiti 2023, ndipo pa 6 Ogasiti asilikali analetsa ndege kuuluka m'dzikolo mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Ndege zoterezi zimayamba zatenga nzika za dziko lotumiza ndegeyo, ena amakwera ngati malo atsala. Wochokera kudziko limene lilibe kazembe kumeneko afunse bungwe lake asanasaine chilichonse: adzanditulutsa ndani, pa ndalama za yani, ndipo tikasonkhana kuti? Awerengenso inshuwalansi yake bwinobwino, chifukwa zambiri sizilipira zimene zadza ndi nkhondo kapena zipolowe. Wodutsa pamsewu adziwe ngati dziko loyandikana nalo limafuna viza ndi khadi la katemera wa yellow fever.

Chikwama chikhale chimodzi, chaching'ono, cholongedzeratu: pasipoti, mankhwala, tchaja, tochi, botolo la madzi ndi zovala zosinthira kamodzi. Zotsalazo zilembedwe papepala n'kusiyidwa kwa munthu wodziwika. Makiyi a kalasi kapena chipinda cha mankhwala, kaundula ndi ndalama za pulojekiti ziperekedwe kwa mnzanu wa kuntchito pamaso pa mboni, onse asaine. Lendi ndi malipiro a mlonda kapena wothandiza pakhomo alipiridwe mpaka kutha kwa mwezi, chifukwa mabanki akatsekeka simudzatha kuwatumizira muli kunja.

Ndife,
Owerenga nyuzipepala yanu