Musatitsekere nkhalango tonse

Akonzi,

Ndamva za malamulo omwe akufuna kukhazikitsa oletsa anthu kulowa m'nkhalango kukayenda kapena kukapumula. Sindikukana, owononga alipo. Mwezi wathawu ndinapeza chitsa chikufuka utsi pomwe ena anasonkha moto n'kuchoka osazimitsa, mabotolo apulasitiki ali mbwee pambali. Njinga zamoto nazo zimakumba tinjira, ndiye mvula ikagwa madzi amatsata mizere ya matayala ija n'kukokolola nthaka.

Koma kulakwa kwa ochepa kutitsekere tonsefe? Aletse moto nyengo yachilimwe, atchinge malo omwe mbalame zikuswana, wolakwa alipire chindapusa. Wodula mitengo usiku sawerenga chikwangwani. Nanga ife oyenda masanafe akatithamangitsa, zitsa zatsopanozo adzaziona ndani n'kukanena?

Ine wowerenga wanu