Kwa inu otsuka makapeti ndi masofa a mu mzinda wa Tete: bwerani mudzaone zimene munasiya ku Ulongue

Abwana, ndikulemba poyera chifukwa mauthenga anga a pa WhatsApp mukumangowerenga osayankha, ndipo foni ikalira mukaona kuti ndine mukuisiya. Dzina la kampani yanu sindilitchula, koma mukudzidziwa. Ndinu amene munatumiza anyamata kuno ku Angónia kudzatsuka m'nyumba yanga yogona alendo.

Tikugwirizana za ntchitoyi munandiuza nokha kuti katsukidwe kalipo kosiyanasiyana. Kotsika mtengo ndi kopaka sopo wa thovu n'kukwecha ndi bulashi. Kodula ndi kwa makina amene amapopera madzi otentha osakaniza mankhwala mkati mwa kapeti, nthawi yomweyo n'kuwakoka pamodzi ndi litsiro lonse. Munatchulanso ka madzi ochepa, komwe mankhwala amakuta litsiro, akauma n'kukokedwa ndi makina okoka fumbi. Ine ndinasankha kodulako, ndipo ndinalipiriratu pa M-Pesa, kuphatikizapo ndalama ya mafuta a galimoto.

Anyamata anu anafika ndi ndowa, mabulashi olimba ndi sopo wa ufa wochapira zovala. Nditafunsa za makina anati anaonongeka, koma ndisadandaule chifukwa zotsatira zake n'zofanana. Sizofanana ayi, ndipo inu amene mumadyera ntchito imeneyi mukudziwa bwino kuposa ine.

Choyamba sanakoke fumbi louma. Alendo anga ambiri ndi madalaivala ndi amalonda odzagula mbatatesi ndi nyemba, amabwera ndi fumbi la mumsewu ndi dothi lofiira kunsapato. Dothi limeneli likathiridwa madzi lisanachotsedwe limasanduka matope, n'kumira mpaka pansi pa ulusi. Ndi zimene zinachitika. Kachiwiri, sopo wa ufa anapangidwira zovala zomwe umatsukuluza m'madzi ambiri. Kapeti yomatidwa pansi sungaitsukuluze choncho. Sopoyo amatsalira mu ulusi, amanata, ndipo fumbi lililonse lodutsa limakakamira pomwepo. Panopa pakhonde la zipinda, pomwe anthu amapondaponda, pada kuposa mmene panalili asanabwere anthu anu.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi kapeti ya pabalaza. Ndi ya ubweya wa nkhosa, kunsi kwake ndi chiguduli. Ubweya umafuna mankhwala ofatsa, a pH (muyeso wa ukali wa mankhwala) yoyandikira 7, pomwe sopo wa ufa amafika cha m'ma 10. Chiguduli chikanyowa kwambiri ndi sopo waukali chonchi chimatulutsa mtundu wa khofi, womwe umakwera ndi chinyezi pamene kapeti ikuuma n'kudzakhala pamwamba. Mawanga amenewo ndi amene ndatumiza pazithunzi zija simunaziyankhe. Maluwa ofiira a pakapetiyo nawonso asuluka, utoto wake walowerera pa malo oyera. Wodziwa ntchito amayamba wayesa mankhwala pakona pobisika ndi kansalu koyera, aone ngati utoto ukuchoka. Palibe anachita zimenezo.

Za sofa ndiye zomvetsa chisoni. Pansi pa khushoni pali kachikwangwani kolembedwa S. Chilembo chimenechi chimatanthauza kuti nsaluyo siifuna madzi, imatsukidwa ndi mankhwala opanda madzi okha. W ndiye amalola madzi, WS amalola zonse ziwiri, X ndi kungokoka fumbi basi. Anyamata anu sanatembenuze n'komwe khushoni. Anathira madzi mpaka siponji yamkati inakhuta, nsalu yauma gwa, ili ndi mizere ya madzi ponseponse.

Pali chinanso chomwe ndikufuna muchimvetse, chifukwa ndikuona kuti n'chimene chimakusokonezani. Ku Tete kwanuko, m'mbali mwa Zambezi, dzuwa limatentha mpaka kupitirira madigiri 40, chinthu chonyowa m'mawa chimauma lisanalowe. Kuno n'kumapiri. Ukangokhota pa Mussacama n'kuyamba kukwera, mphepo imasintha. Nyengo ya mvula ino ku Angónia ndi ku Tsangano ngakhale thaulo limachedwa kuuma, nanji siponji ya sofa. Nguwi imatha kuyamba pa chinthu chonyowa m'maola 24 mpaka 48 okha. Makina okoka madzi aja ndinawasankhira chifukwa chimenechi, kuti madzi ambiri atuluke nthawi yomweyo, otsalawo aume ndi fani. Anthu anu sanabwere ndi fani ngakhale imodzi. Anangoti nditsegule mawindo, kunja kukugwa mvula, iwo n'kunyamuka kuti asafike usiku.

Tsopano zipinda zikununkha chinyezi. Mlendo wina wa chifuwa cha mphumu anatuluka pakati pa usiku kukagona m'galimoto, ndipo ndinamubwezera ndalama yake. Zipinda zina ndatseka, pomwe antchito anga akudikira malipiro kumapeto kwa mwezi ngati nthawi zonse.

Ndikanamva mukanandiimbira n'kunena kuti makina afa, tidikire kaye, kapena kuti titsuke ndi njira ya madzi ochepa yomwe imauma msanga. Koma kulandira ndalama ya makina n'kutumiza ndowa, kumeneko ndi kundidyera masuku pamutu.

Chomwe ndikufuna n'ichi. Mubwere nokha, osati kutumizanso anyamata omwe aja, ndi makina enieni, mutsukuluze sopo yense watsalira m'makapeti, muthire mankhwala ochotsa mawanga a khofiwo, ndipo musachoke zisanaume. Ndalama yomwe ndinawonjezera chifukwa cha makina mundibwezere. Sofa muione ndi maso anu, ngati singakonzeke mulipire mmisiri woti aikute nsalu ina ndi kusintha siponji. Risiti ya M-Pesa, zithunzi ndi mauthenga anu onse ndasunga. Mundiyankhe pansi pomwe pano kuti mubwera tsiku liti.